Belo ya a Fanizo

A Nathan Fanizo analowa m'khoti atavala jekete lomwe malemu bambo awo anabwera nalo ku Joni, foni ili m'manja. Anasankha benchi lakutsogolo penipeni kuti majisitireti asavutike kuwaona.

Mlandu wawo unali wa ndewu. Iwo ndi Dyton, mnzawo woyandikana naye dimba ku Biriwiri, anaswana milomo polimbirana ngalande ya madzi, apolisi n'kuwanyamula onse awiri. Khoti linawatulutsa pa belo, koma ndi malamulo awiri: asatuluke m'dziko la Malawi, ndipo Lolemba lililonse azisaina kusonyeza kuti alipo. Wophwanya lamulo, basi, akadikire mlandu wake ali kundende.

Kusainako sikunalinso kwa buku ndi cholembera ayi. Khotilo linali litalowa zamakono. Munthu ankangodzijambula nkhope pafoni, n'kudina batani, chithunzicho n'kukagwera chokha mu fayilo yake pakompyuta. Akuluakulu anachita kubwera ndi magalimoto kudzadula riboni, ati mapepala ndi zinthu za makolo.

A Fanizo zimenezi anazilandira ndi manja awiri. Kabichi wawo anali atatsala pang'ono kukhwima, ndipo ankadziwa kuti akangotsekeredwa, odzakolola ndi mbuzi za m'mudzi. Choncho Lolemba lililonse, kaya kuzizire chotani, ankapesa tsitsi, kumanga tayi, n'kutumiza. Masabata khumi ndi awiri, osaphonya ndi limodzi lomwe.

Nanga Dyton? Munthu uja ulesi anachita kuyamwira kubere. Sanatumizeko ngakhale khutu lokha. Tsikuli anangokhala pakona, akuyang'ana zala zake zakumapazi. A Fanizo anamumvera chisoni pang'ono, pang'ono kwambiri. Mumtima anali ataona kale kuti mnzawoyo akalowa m'ndende, madzi onse a m'ngalande atsala awo.

Majisitireti, mayi wa magalasi pamphuno, anayamba ndi Dyton yemweyo.

"Fayilo yanu mulibe kanthu. Zinatani?"

"Netiweki, bwana. Kwathu kulibe. Ndinayesa mpaka kukwera padenga."

Mayiwo anacheukira kalaliki wa khoti, iye n'kuvomera ndi mutu. "Ndi zoona, bwana. M'mudzi mwawomo foni sigwira. Tinalembera kale akuluakulu, sanayankhebe."

"Khoti silingalange munthu chifukwa cha netiweki. Khalani pansi."

A Fanizo zinawanyansa, tisabise. Koma anadzitonthoza msanga. Ngati waulesi akukhululukidwa chonchi, kuli bwanji wakhama? Mwina mlandu wawo wonse uthera pompano. Dzina lawo litaitanidwa anaimirira, n'kusuzumira kumbuyo kuti atsimikize kuti akazi awo akuonerera.

"Inu ndiye mwasaina masabata onse," anatero majisitireti, maso ali pakompyuta. "Zithunzi zokongola ndithu. Koma mudzi ndi womwewo. Inuyo netiweki mumaipeza kuti?"

Funso limeneli a Fanizo analidikira miyezi itatu.

"Kanthu n'khama, bwana," anayankha mokweza, kuti Dyton amve bwino. "Ine ndimalawirira, kuwoloka msewu wa tala, n'kukaima pachulu cha mlamu wanga patsidya paja. Pamenepo imagwira yodzaza. Mnzangayu ndinamuuza, iye ati n'kutali."

Kalaliki anatembenuza kompyuta kuti a Fanizo adzionere okha. Pansi pa chithunzi chilichonse, makinawo anali atalemba okha tsiku, nthawi ndi malo amene munthu anaima.

"Bambo Fanizo," anatero majisitireti akuvula magalasi, "msewu umenewo ndiwo malire. Chulu cha mlamu wanu chili ku Mozambique. Mwatuluka m'dziko muno kakhumi ndi kawiri, ndipo umboni wake mwatitumizira nokha. Belo yanu yathetsedwa."