M'khosi Ayi

Antchito a khonsolo atakoleka chingwe m'khosi mwa chiboliboli, a Wilfred Pocock anatsika masitepe ndi ndodo yawo, kuphazi kulibe nsapato.

Chinali chiboliboli cha simenti cha mayi wonyamula mwana. Chinaima pakati pa nyumba zosanjikizana zomwe a Pocock ankakhalako mu London kuyambira nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha. Tsopano nyumbazo zinali pafupi kugwetsedwa.

"Madala, tapatukani," anatero kapitawo. "Tikungochisamutsa, sitichiswa."

"M'khosi ayi, mwanawe. Wochiumbayo ankatengera maonekedwe a malemu mkazi wanga, Doreen. Anaima pomwepa masabata atatu, akudandaula msana."

Kapitawo anamasula chingwecho yekha. "Ndiye tiwagwire pati mayiwa?"

A Pocock anaika dzanja m'chiuno mwa chibolibolicho.

"Apa. Koma pang'onopang'ono. Ankadana ndi mwamuna wovina mothamanga."