Botolo la Madzi a Shuga

Panali munthu wina, mwini shopu yosokera zovala, amene antchito ake ankamutchula kumbali kuti a Ndadziwakale. Ukawauza kanthu, ankakudula pakamwa usanamalize. Nkhaniyi imandipsetsa mtima nthawi zonse ndikaikumbukira.

Masana ena kukutentha, mng'ono wawo, yemwe anali telala m'shopumo, anangoti khu pansi kuchoka pa makina. Mayi wosita zovala anaika simbi pambali n'kuthamangira pomwepo. Mayiyu anaphunzirako za chithandizo choyamba komwe ankagwira ntchito kale. Anagwada, kumuitana, kumugwedeza mapewa, koma munthu ali zii. Anamutukula chibwano, n'kuika khutu pafupi ndi mphuno, maso ali pachifuwa.

"Akupuma, bwana. Timugoneke cham'mbali kuti akasanza asatsamwe. Inu imbani foni ambulansi ibwere."

"Ambulansi ya chiyani? Ndi njala iyi, sanadye m'mawa. Sungunulani shuga m'botolomo!"

"Chonde bwana, munthu wokomoka samwetsedwa kanthu. Sangathe kumeza."

"Mayi, ntchito yanu ndi simbi. Udokotala munauyamba liti? Uyu ndi m'bale wanga, ndamulera ndekha. Tachokani apa!"

Anawakankha mayi aja ngati thumba la zigamba. Atelala ena anangoti ndwii, poopa kutha kwa ntchito. A Ndadziwakale anamukanula mng'ono wawo kukamwa ndi supuni, n'kuyamba kuthira madzi aja munthu ali chagada. Kukhosi kunayamba kulira.

"Mwamva? Akumeza!" anatero monyadira.

"Sakumeza, akutsamwa!" anakuwa mayi aja, uku akuimbira okha foni ambulansi.

Pamene ambulansi inkafika, milomo ya telala uja inali itasintha kale mtundu. A Ndadziwakale anakweramo ndi botolo lawo, ati akam'mwetse otsalawo akatsitsimuka.

Kuchipatala anapeza mlamu wawo, mkazi wa telalayo, atafika kale, mwana ali kumsana. Anadikira pabenchi mpaka dokotala anatuluka.

"Pepani, tayesetsa koma zakanika. Kukomoka kokhako akanadzuka. Chatipweteka ndi madzi amene tawapeza m'mapapo. Anam'mwetsa ndani?"

Mlamu uja anatembenuka pang'onopang'ono, maso ake n'kugwera pa botolo lomwe linali m'manja mwa a Ndadziwakale.

"Alamu," anafunsa chapansipansi, "m'botolomo muli chiyani?"



Phunziro: Munthu akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, kaya madzi, kaya supuni. Muitaneni, m'gwedezeni mapewa, onani ngati akupuma. Ngati akupuma, m'gonekeni cham'mbali, itanani ambulansi, ndipo musamusiye yekha. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atakhala wantchito wako. Tumizani uthengawu kwa abale anu lero, makamaka kwa a Ndadziwakale a kwanuko.