Nyundo ndi Kabokosi Koimba

Mayi Mawotchi anali atawerama patebulo lake, galasi lokulitsira zinthu lili kudiso, pamene munthu wina anatchinga kuwala kwa pakhomo. Atadzutsa mutu, mtima unangoti phwii. Anali mkazi uja, yemwe anamulanda mwamuna zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Anaima mushopumo wopanda n'komwe manyazi, atanyamula kanthu kokulunga m'kansalu.

"Pepani mayi, ndabwera ndi aka, kanasiya kuimba. Koma ndimati ndiyambe ndakufotokozerani kuti..."

"Kuno timakonza zinthu, sitimvera nkhani. Siyani pamenepo. Mudzatenge Loweruka."

Mkaziyo anasiya kanthuko pakauntala n'kutuluka.

Mayi Mawotchi anakadziwa kanthuko asanamasule n'komwe kansalu. Kanali kabokosi koimba, kamatabwa, kiyi wake ali kumbuyo. Anakapanga yekha ndi manja ake, ukwati udakali wotentha. M'kati munali kamgolo kamkuwa, ndipo pakamgolopo anakhomerera timinga tachitsulo, kamodzikamodzi, miyezi inayi yathunthu. Ukapotokola kiyi, kamgolo kankazungulira, timinga n'kumakodola mano a kachipeso kachitsulo, nyimbo n'kumatuluka. Nyimboyo anaipeka yekha, ndipo kunalibe kwina kulikonse komwe munthu akanaimva.

Ubwino wa kabokosi ka kiyi ndi wakuti mphamvu ikamatha, nyimbo imayamba kuyenda pang'onopang'ono mpaka kuzilala. Mwana wawo wamkazi ali khanda sankagona popanda kuzilala kumeneko. Tsopano mwanayo anali pabanja lake kutsidya kwa tauni, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu.

Tsiku lomwe mwamuna ankachoka, ananyamula masutikesi awiri ndi kabokosiko. Ati inali mphatso yake. Mphatso! Zovala akanatenga zonse, ngakhale mipando akanakweza pagalimoto, koma kabokosiko ndiko kanasiya bala losapola.

"Ndiye lero akufuna ndimukonzere, azikamvera ndi mkazi wakeyo miyendo atatambalala? Nyimbo yanga ine? Andiyesa chitsiru eti? Aona chinameta nkhanga mpala."

Anatsegula kumbuyo. Vuto linali laling'ono zedi: sipulingi inali itaduka basi, ntchito ya theka la ola. Yatsopano anali nayo m'kabati. Anaitulutsa, anaiyang'ana kanthawi, n'kuibwezera pomwe anaitenga. M'malo mwake anatenga nyundo.

Anamasula kamgolo kaja n'kukaika pachitsulo chosulirapo. Ankadziwa bwino lomwe kuti kena sadzapanganso, pakuti maso anali atafooka ndipo zala zinali zitayamba kunjenjemera. Zimenezo ndiye ankafuna. Nyundo yoyamba inali ya masutikesi aja. Yachiwiri inali ya anthu amumsewu omwe ankanong'onezana iye akamadutsa. Zotsatirazo sanaziwerenge. Timinga tinathothoka n'kumwazika pansi ngati mchenga, kamgolo n'kusanduka kachigamba kophwatalala. Anasesa zonse n'kukataya m'bini.

Pansi pa tebulo panali katoni ya tizipangizo toimba tamabatire tomwe wamalonda wina anamusiyira kuti ayese kugulitsa. Iye ankatinyoza, ankati n'zoseweretsa za ana. Tsiku limenelo anatiyesa tonse, kufunafuna koipitsitsa. Anakapezadi, kolira ngati udzudzu m'khutu, kosadziwa kutopa kapena kuzilala. Analumikiza mawaya mwaukatswiri, kuti munthu akangotsegula chivundikiro kasasiyenso kulira, utseke usatseke, mpaka batire litatha. Malo a batirewo anawamata ndi guluu. Kiyi uja anamubwezera kumbuyo kuti azioneka ngati zonse zili bwinobwino, matabwa n'kuwapukuta mpaka waliwali.

Kunena zoona, anasangalala. Zaka khumi ndi ziwiri atasunga chakukhosi, tsiku limenelo ndiye anapuma mpweya wabwino. Ankachita kumuona mwamunayo m'maganizo: atakhala pampando, akumwemwetera, akutsegula chivundikiro, kenako kukamwa yasa, akuthamanga nako uku ndi uku kusowa pozimitsira. Wosoka nsapato wa shopu yoyandikana nayo anadabwa kumumva akuimba mluzu.

"Mayi, kwagwanji? Kapena mwapeza chibwenzi?"

"Choipa chitsata mwini, achimwene," anayankha akuseka. "Ingosokani nsapatozo."

Loweruka anavala diresi lake labwino lija, n'kuika kabokosi pakati penipeni pa kauntala. Ankafuna amuyang'ane mkaziyo m'maso pomupatsa, amuuzenso kuti ntchitoyi ndi yaulere, akawapatse moni bambo kunyumba. Mawu amenewo anali atawayeserera kangapo.

Mawotchi apakhoma atangolira teni koloko, pakhomo panadanso. Mayi Mawotchi anawongola khosi. Koma amene analowa anali mwana wake, dzanja lili m'chiuno, akupuma wefuwefu, nkhope ili mwee.

"Amayi, katheka? Miyezi itatu ndakhala ndikuwachonderera bambo kuti andipatse! Ndinawatuma mayi aang'ono chifukwa ine miyendoyi inatupa, kodi sanakuuzeni? Ndikufuna mdzukulu wanu azidzagonera nyimbo yanu ija."

Mayi ake asanatulutse liwu, mwanayo anatambasula dzanja n'kutsegula chivundikiro.