Magazi a Namwino

"Ponyani mpeniwo pansi, a Costel!" anakuwa Ilinca, namwino amene anatumizidwa kudzagwirizira pachipatala cha m'mudzimo nyengo ya Khirisimasi.

Costel, yemwe ankapha nkhumba za mudzi wonse, anali atamuswa kale mphuno mng'ono wake polimbirana mwendo wa nkhumba. Ilinca atalowa pakati kuti awaleretse, mpeni unamung'amba mkono, magazi n'kuyamba kuchucha.

"Mayo ine! Anamwino, ndakuphani!"

"Simunandiphe. Koma dokotala ali kutali, ndiye mundimanga ndinu. Gwirani bandejiyi."

Costel atayang'ana balalo, maso anatembenuka, n'kugwa chagada.

Ilinca anadzimanga yekha, akukoka bandejiyo ndi mano. Anaseka mpaka misozi, koyamba chichokereni kwawo.

"Munyamuleni mkulu wanuyo," anauza mng'onoyo. "Tiyambira iyeyu."