Zovala pa Chingwe cha Akaputeni

Chimirireni sitima yomwe ankayendetsa panyanja, amuna anga sanatulukenso pageti. Anali kaputeni wolemekezeka, koma anthu sanawakhululukire chifukwa iwo anapulumuka pomwe ambiri anatsalira m'madzi. Kumsika ankanong'ona kuti anathawa anthu akulira.

Tsiku lina kutangoda, ndinakumbukira kuti sindinaanule zovala. Ndinatenga beseni n'kupita kuseri kwa nyumba. Dzuwa linali litaswa mtengo tsiku lonse, moti malaya awo anali atauma gwa. Koma nditagwira chovala chotsatira, dzanja langa linanyowa. Inali diresi ya kamwana, yozizira, yonunkha matope. Ife m'nyumba mwathu mulibe mwana.

Ndinaunika ndi foni. Chingwe chinali chitalemera mpaka kutsikira pansi. Panali mathalauza, majuzi ndi mpango wa mayi wina, zonse zikudontha madzi, zopanidwa bwinobwino ndi mapegi anga.

"Bambo," ndinaitana chapansipansi, "tabwerani mudzaone."

Sanatuluke. Anangoima pawindo la kukhitchini, nyali atazimitsa.

"Pali jekete lofiira pamenepo?" anandifunsa.

Linalipo, chakumapeto kwa chingwe. Manja a jeketelo ankagwedezeka, chonsecho kunalibe mphepo.

"Lilipo. N'la ndani?"

"Mwini wake anandigwira mwendo usiku uja sitima ikumira," anatero. "Siyani besenilo, mayi. Bwerani pang'onopang'ono, musacheuke."

Nditangoyamba kuyenda, ndinamva pegi ikumasuka kumbuyo kwanga. Kenako inamasuka ina.