Mchere Umene Tisunge Sanathire

Panali munthu wina ku Petauke, dzina lake Febian Daka, woyendetsa minibasi pakati pa Petauke, Nyimba ndi Kacholola. Amene anandiuza nkhaniyi anakwerapo basi yake, ndipo akulumbira kuti n'zoona.

Tsiku lina mutu utawavuta, aDaka anapita kuchipatala. Nesi wina, amayi Beenzu, anawapeza ndi bipi yokwera.

"Bambo, mapilisi awa muzimwa tsiku lililonse," anatero nesiyo. "Mchele musiye, ndipo thupi ili litsike."

Mkazi wawo Tisunge, wa kwa Nyalugwe, anagwira malangizowo ndi manja awiri. Mchere anauchotsa m'nyumba. Iye ndi ana anayamba kudya ndiwo zozizira, zopanda n'kamchere komwe, kuti bambo asamasirire mbale ya wina.

Koma m'kamwa mwa aDaka munasowa mtendere. Tsiku lina ali pa Kacholola kudikira anthu, panafika mwamuna wina wachikwama, wogulitsa timapaketi ta mtedza wa makadamiya, wokazinga, wothira mchere mpaka kuyera.

"Bosi, iyi si nshawa wamba iyayi," anatero mwamunayo. "Mafuta ake atsuka mitsempha. Mukazolowela iyi, mapilisi mungataye."

ADaka analawa kamodzi. Mayo ine, kukoma kwake! Basi anakodwa. Paketi imodzi popita, ina pobwerera, yachitatu podikira basi kuti idzaze. Mapilisi anawasiya. Mapaketi otha ankawakankhira pansi pa mpando, milomo n'kupukuta asanafike pakhomo. Ndipo mumtima sankadziona olakwa, poti kwa iwo munthu wadya akadya nsima, zina zonsezi n'zotafuna chabe. Kunyumba ankadya mtanda umodzi n'kumadzitama kuti akudziletsa.

Miyezi itapita, thupi m'malo motsika linakwera. Lamba anamuboola bowo lina. Kenako miyendo inatupa, nsapato zinakana.

Mlongo wawo wamkulu, Christabel, anabwera kuchokera ku Nyimba kudzawazonda. Anayang'ana miyendo ija, n'kuyang'ana mlamu wake. Inu mukudziwa zomwe ena amakhulupirira kwathu kuno: akuti mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amatupa miyendo. Amati wamudula.

"Mulamu, kambani zoona," anatero Christabel. "Mwamudula mlongo wanga."

"Ine?" Tisunge anagwira pamtima. "Mchele muno mulibe, funsani ana! Atate a Natasha, kambani imwe."

ADaka anaweramitsa mutu. Ankadziwa bwinobwino kumene mchere unkachokera. Koma avomere pamaso pa mlongo wawo kuti bambo wamkulu amadya mobisa ngati mwana wakuba shuga?

"Ine sindidziwa," anatero.

Ha, munthu iwe! Tisunge anamanga katundu wake, anatenga ana, nabwerera kwa Nyalugwe anthu akumuloza zala. ADaka usiku tulo sankatipeza, komabe m'mawa paketi ankagula, akudziuza kuti mwina mtedzawo sunayambe kugwira ntchito.

Pasanapite nthawi anagwa pa siteshoni, dzanja ndi mwendo wamanzere zitachita dzanzi. Anatsitsimukira m'chipatala, Christabel ali pambali, amayi Beenzu akuwayang'ana.

"Kansi mudya chani, bambo?" anafunsa nesi.

"Nsima pang'ono, na ndiwo zopanda mchele."

"Palibe china?"

"Zotafuna chabe, sisita."

ADaka anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa paketi. Nesi anaitembenuza, anawerenga kumbuyo kwake, n'kugwira pakamwa.

"Zingati pa tsiku?"

"Ziwili. Nthawi zina zitatu."

"Bambo, mtedza uwu ni wabwino, mafuta ake ni amene mtima ukonda. Koma pafupifupi wonse ni mafuta. Kapaketi aka ka magalamu 100 kali na makalori opitilila 700, monga mbale yodzala ya nsima na ndiwo zake. Munthu afunika kadzanja kamodzi pa tsiku, ndipo imwe a bipi, wopanda mchele. Manje imwe munali kudya mbale zitatu zapadela, mchele pamwamba, mapilisi mutasiya. Aya si mankhwala!"

Christabel anangokhala pansi pasimenti.

Atachira pang'ono, aDaka anapita kwa Nyalugwe akukoka mwendo, ntchito yoyendetsa basi itatha. Anagwada pamaso pa Tisunge n'kuulula zonse, misozi ili mbwe. Tisunge anamvetsera mpaka kumapeto, osalira, osakalipa. Kenako anawapatsa madzi osamba m'manja, anaika chakudya, n'kuika kambale ka mchere pambali.

"Ine na ana tinadya zozizila chifukwa cha imwe," anatero. "Tsiku lija ananinamizila chigololo, mchele unali pamilomo panu, koma pakamwa simunatsegule. Lelo nakuphikilani monga mlendo. Mchele uwo, mukafuna thilani mwekha. Galimoto ya ku Petauke inyamuka mawa m'mawa."

Mpaka lero aDaka akukhala okha. Mapilisi akumwa, thupi linatsika, miyendo inaphwa. Ana amabwera pa holide, koma Tisunge sanapondenso pakhomo paja. Ndiwo amadziphikira okha, zozizira, ndipo akuti nthawi zambiri amazisiya m'mbale osazimaliza.

Phunziro: Chakudya chabwino si mankhwala, ndipo chimene ukutafuna nachonso ndi chakudya ngakhale si nsima. Makadamiya idyani kadzanja kamodzi, mverani achipatala osati munthu wachikwama wa pa siteshoni. Koma koposa zonse, wina akamanamiziridwa chifukwa cha zimene mwachita inu, tsegulani pakamwa nthawi yomweyo. Miyendo imaphwa, koma amene munamusiya yekha pamlandu sabwerera. Tumizirani abale anu onse nkhaniyi, makamaka amene amadya mobisa.