Zigoli Zitatu za a Bonifasio

A Bonifasio analowa m'kalasi wenzulo ili m'khosi, ngati kuti msonkhano wa komiti nawo umafuna woyimbira. Kunyumba anali asanafikeko. Anangotsika pa kabaza kuchokera ku maliro a apongozi awo ku Mphunzi, n'kulunjika kusukulu, fumbi lili mbuu m'nsidze.

Nkhani inali imodzi: bamboyu apitirize kuphunzitsa timu ya Kachewere, kapena abweze wenzulo ndi jekete ya timu. Chiyambireni ligi, timuyo inali itagonja masewero asanu otsatizana. Anthu a ku Kabwazi, kwawo kwa timuyo, anali atayamba kumapita kudimba Loweruka masana, ati bola kuthirira kabichi, iye amaonetsa kusintha.

Kwa a Bonifasio olakwa anali ambiri, koma iwo m'gulumo munalibe. Masewero oyamba inali mphepo. Achiwiri anali woyimbira. Achitatu anati adani akwirira mankhwala pagolo, nalamula anyamata kukumba. Mankhwala sanapezeke, koma dzenjelo linapeza phazi la goloboyi Mayeso pa masewero achinayi. Achisanu anati Mayeso yemweyo wagulidwa, achotsedwe. A Bonifasiowa mpira ankaudziwira pakamwa. Anali ngati wailesi: iwe umaimva, yokha sikumva.

Koma tsikuli anali ndi poimira, ndipo ngakhale odana nawo sakanatsutsa. Loweruka lapitalo Kachewere inali italembedwa kuti yapambana anyamata a ku Chimbiya ndi zigoli zitatu kwa duu.

Wapampando, a Gerevazio, mlimi wa mbatatesi wouma pakamwa, anangoti, "Akochi, tiuzeni za timu." Basi, anali atatsegula mpopi.

A Bonifasio anaimirira, natenga choko. Anafotokoza mmene anazembera pasiwa nthawi yoyamba mpira itakwana, n'kukwera pathanthwe pomwe foni imagwira. Anaimbira wachiwiri wawo, Yohana, nayamba kulamula. Mpira sankauona, koma mphunzitsi weniweni, ati, safuna maso. Amadziwa kuti pofika nthawi yakuti adani atopa, pofika yakuti kubwera kona. Analankhula mpaka mawu anasasa, mpaka azimayi ophika pamaliro anayamba kuwaloza ndi mithiko.

"Yohana, ndikunama?"

"Ayi, akochi, munaimbadi, kungoti..."

"Khala pansi. Kungoti, kungoti! Loweruka lonse ndi mawu omwewo. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, atsegule makutu. Kwa nthawi yoyamba anamvera. Zotsatira zake mwaziona."

Yohana anakhala pansi. Mayeso, yemwe anamuitanitsa kuti adzamve mlandu wake wogulidwa, anali pabenchi yakumbuyo, manja m'khwapa chifukwa cha chisanu. Anthu a komiti anali ndwii, kuyang'ana pansi. A Bonifasio anaona kuti amenewo ndi manyazi, ndipo anawakomera ngati tiyi wamkaka.

Anajambula bwalo pabolodi. Mivi inapita uku ndi uku. Chigoli choyamba anati chinachokera kumanzere, monga analamulira. Chachiwiri chinali cha pakona, chamutu. Chachitatu sanafune n'kufunsa komwe, anachimva m'thupi ali pathanthwe pompo. Choko chinathyoka kawiri, iwo osatopa.

Kenaka analoza mulu wa yunifolomu umene unali patebulo pakona ya kalasi. Mayi Falesi, amene amachapira timu, anali ataibweza yopindapinda, pamodzi ndi sopo wake wosakhudza madzi.

"Taonani! Ngakhale dothi palibe. Ndakhala ndikuwauza kuti wosewera wanzeru sagwaigwa ngati woledzera. Uyu Mayeso uyu, mpira sunamudutse ngakhale umodzi. Chifukwa chiyani? Ndinamuuza poima. Masewero asanu aja ankaima pofuna yekha, pomwe anamuuza omugula."

Mayeso anadzutsa mutu, kenaka anaweramanso. Mnyamatayu anali atabinya phazi chifukwa cha timu, ndipo tsopano mudzi wonse unkamutcha wogulitsa. Zinkamuwawa kwambiri, moti kutchalitchi anali atayamba kukhala kumbuyo.

A Bonifasio anamaliza mwaulemu wawo wonse. Anapempha zinthu zochepa: Mayeso apite, komiti ipepese, ndipo kuyambira tsopano aliyense adziwe kuti timu ikagonja ndiye kuti sanawamvere, ikapambana ndi nzeru zawo. Anapukuta manja m'jekete ya timu, nakhala pansi, mwendo pamwamba pa unzake.

A Gerevazio anakanda chibwano.

"Ndiye kuti zimene zinachitika pabwalo Loweruka ndi ntchito yanu yonse, akochi? Palibe wina?"

"Yanga ndekha. Mulembe choncho."

"Talemba. Yohana, paja uli ndi mawu amene unawayamba Loweruka. Tamaliza. Akochi, inu mugwireko pakamwa pang'ono, simufa."

Yohana anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja.

"Ndimati kungoti a ku Chimbiya sanabwere, akochi. Lole yawo inafera pamtunda. Zigoli zitatuzo anatipatsa ndi woyimbira, mwa lamulo la ligi. Mmene munkalamula muja, foni inali pabenchi, ife tikudya nzimbe."

A Gerevazio anatambasula dzanja, kudikira wenzulo.